Mawaya a M'chipinda Chozizira

Mimba itafika miyezi isanu ndi iwiri, Debora anasiya kukwana kuseri kwa kabati.

Kabatiyo inali yachitsulo, yaitali kuposa munthu, ndipo inaima m'kachipinda kozizira, kopanda zenera, kumapeto kwa maofesi a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. M'kati mwake munali maseva, makompyuta aakulu amene makompyuta ena onse a pa esitetipo ankadalira. Pansi pa masevawo panali bokosi la madisiki limene Debora ankalitcha nkhokwe, poti zonse zinkasungidwa mmenemo: makilo a masamba amene anthu atchola, zolemba za kufakitale, mayina a antchito, feteleza wotsala m'sitolo. Ukaionera kutsogolo, kabatiyo inali yaulemu wake, timagetsi tobiriwira tikungophethira. Nkhani inali kuseri. Mawaya ankalendewera ngati mizu ya kachere, abuluu, otuwa, achikasu, ena atapotana, ena atayalana pansi mpaka kukhomo.

Katswiri aliyense amene anabwerapo kudzakonza kanthu m'zaka za m'mbuyomo ankangowonjezera waya wake n'kumapita. Seva iliyonse inali ndi njira yakeyake yofikira ku nkhokwe. Ina inkapita molunjika, ina inkadzera mwa inzake, ina inkadzera m'kabokosi kakale kamene palibe ankakumbukira kuti kanagulidwa liti. Debora, mwana wa ku Ntchisi amene anadzayamba ntchito pa esitetipo atangomaliza maphunziro ku Blantyre, anatha zaka akutsata mawayawo ndi zala, chogwada, mpaka anawadziwa. Koma ankawadziwa yekha. N'chifukwa chake anali asanapumepo tchuthi chenicheni. Ngakhale tsiku la ukwati wake ndi Dave, mphunzitsi wa ku Mphuka, foni ya kuntchito inalira ali pakati pa perekaniperekani.

Tsopano munali mu 2008. Mwana ankayembekezeka mu Ogasiti, ndipo mankhwala a vutoli anali atangokhala m'makatoni pakona kuyambira Febuluwale. Anali maswichi awiri atsopano, timabokosi tathyathyathya tokhala ndi mabowo ambiri kutsogolo. Maganizo a Debora anali osavuta. Azule mawaya onse akale. Seva iliyonse ingokhala ndi mawaya awiri, wina wopita ku swichi yoyamba, wina ku yachiwiri, kenako maswichiwo alumikizidwe ku nkhokwe. Waya wina akaduka, mnzake azipitiriza ntchito, ndipo aliyense wa maso azitha kuona pamene pavuta. Chinkangofunika chinali tsiku limodzi lozimitsa zonse.

Tsikulo ndi limene a Foster, manejala wa esiteti, sankafuna kulitchula. Mu Febuluwale anati mvula ikugwa, tiyi ndi wambiri, sikelo singaime. Mu Epulo anati kukubwera ofufuza mabuku. Mu Meyi anati kukubwera alendo a kulikulu.

"Bwana, panopa akudulira tiyi," anatero Debora ataima mu ofesi mwawo, dzanja lili m'chiuno. "Fakitale ikugaya mwa apo ndi apo. Mukadikiranso mvula idzatipeza, ndipo ine ndidzakhala ndili kunyumba ndi khanda."

"Zinthuzo zikuyenda, mayi. Chinthu chikamayenda ine ndimaopa kuchigwira."

"Zikuyenda chifukwa ndilipo. Ndikachoka, seva n'kuima, kuseri kuja mudzatumako ndani?"

"Si munasankha a Goodson kuti adzakugwirireni ntchito?"

"A Goodson amathera pakhomo. Salowa."

A Foster anayang'ana mimba ya Debora, n'kubweza maso msanga ngati aona chosayenera. Anatembenuza kalendala wa patebulo pawo.

"Lamlungu likubwerali," anatero. "Koma Lolemba m'mawa anthu akamakweza masamba pasikelo, ndisamve zoti kompyuta yakana."

Sabata imeneyo Debora sanakhazikike. Ankayamba kudya n'kusiyira panjira. Ankalowa m'kachipinda kaja, kuima, kutuluka osagwira kanthu, kenako n'kubwereranso. Anayesa kuwaonetsa a Goodson mmene mawaya atsopano adzayendere, koma iwo ankangogwedeza mutu ali pakhomo, manja atabisa kumbuyo. A Goodson anali kalaliki wa kusikelo, bambo wa ana anayi, mkulu wa kwaya kutchalitchi kwawo, munthu wodekha ndi wosaiwala zinthu. Mawaya okha ndi amene ankawaopa ngati njoka. Kalekale anagundapo waya wina ndi phazi, ofesi yonse inaima, ndipo manejala wa nthawi imeneyo anawalalatira anthu akuona.

Lachinayi kunafika apongozi ake a Debora, a Lestina, amayi ake a Dave, amene ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu pa Masambanjati. Anabwera ndi mkoko wa nthochi ndi chikwama, kudzakhala mpaka mwana atabadwa. Kunyumba sanapezeko munthu, ndiye mlonda anawalozera ku ofesi. Anampeza Debora akutuluka m'kachipinda, atakweza mwendo kuti adumphe mulu wa mawaya.

A Lestina sanayambe ndi moni.

"Imani pomwepo. Mukudumpha chiyani chimenecho?"

"Ndi mawaya, amayi. Mwayenda bwanji?"

"Munthu wapakati sadumpha chingwe. Samanganso mfundo. Kwanu ku Ntchisi sanakuuzeni? Mwana amabadwa atadzikulunga mchombo m'khosi."

"Kuchipatala anamwino sananene zimenezo."

"Anamwino ndi antchito, mwana wanga. Mwanayu si wawo."

Debora anaseka n'kuwalandira chikwama. Zimenezo sankazikhulupirira. Komabe mawa lake anangozindikira kuti akulambalala waya wa ketulo m'malo moudumpha, ndipo zinamukwiyitsa tsiku lonse. Atamudandaulira Dave, iye anati, "Amayi mukuwadziwa. Alekeni alankhule, inu muzichita zanu." Koma Lamlungu m'mawa Debora anawapeza a Lestina atakhala pakhonde, atavala juzi, duku ali nalo kumutu.

"Kutchalitchi ndapitako zaka zonsezi," anatero. "Lamlungu limodzi Mulungu andikhululukira. Tiyeni."

Kunja kunali chiperoni. Nkhungu inali itakuta minda ya tiyi yongodulidwa kumene, kamvula kakuwaza, fakitale ili zii. A Goodson anali atafika kale, atavala jekete yawo ya kukwaya. Debora anazimitsa maseva imodziimodzi, kenako nkhokwe. Phokoso limene analizolowera linatsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Chiyambire ntchito anali asanakamvepo kachipindako kali chete.

A Lestina anakoka mpando n'kuuika kunja kwa khomo, pamene mawaya sankafika.

"Inu mukhala apa. Pakamwa muli napo. Bambowa manja ali nawo."

"Amayi, ntchito iyi si yolankhula ayi."

Debora anazungulira mbali ina, anagwira khoma, n'kuyesa kugwada. Bondo limodzi linafika pansi. Mimba inatsamira ngodya ya kabati, mpweya unamuthera, ndipo dzanja lake silinafike ngakhale pa waya woyamba. Anakhala choncho kanthawi, akupuma movutikira. A Lestina anamuyandikira. Anangomupatsa dzanja n'kumudzutsa, ndipo Debora anakakhala pampando paja nkhope ili gwa.

A Goodson anavula jekete, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa katoni. Anapemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda, kenako anakwawira kuseri.

"Yambani ndi wabuluu amene akuchokera pa seva yapamwamba," anatero Debora.

"Abuluu alipo ambiri kuno, mayi."

"Wonenepa uja. Wokhala ndi kachilema pafupi ndi mutu."

"Kachilema kotani?"

Debora anayang'ana zala zake. Waya ameneyo ankamudziwa ndi zala, osati ndi pakamwa. Anatseka maso, dzanja lake likupapasa m'malere ngati ali kuseriko, ndipo anayamba kufotokoza: pansi pa kafani koziziritsa, kumanzere, amene walowa mokhota. A Goodson anamupeza. Anakoka mwamantha, waya anatuluka, ndipo palibe chinaphulika.

Ntchito inayenda mwa kachetechete koma mochedwa. Debora ankaima, a Lestina n'kumuyang'ana, iye n'kukhalanso. Ankagwedeza mwendo, kusuzumira, kufunsa nthawi. Waya aliyense amene watuluka a Lestina ankamukokera panja n'kumukulunga pachigongono ngati chingwe cha mbuzi.

"Zonsezi muzitaya?" anafunsa.

"Zatha ntchito, amayi."

"Ndiye mundipatseko zinayi. Kuyanikira zovala sizinathe ntchito."

Pofika masana kuseri kwa kabati kunayera, mpaka khoma linaoneka, lodzaza fumbi ndi ndowe za abuluzi. Debora anatsegula makatoni. Mawaya atsopano anali opyapyala, ofiirira ngati lalanje.

"Awa mudutsa kuwala, osati magetsi," anawauza a Goodson. "Sangakugwireni. Koma musawapinde, amathyokera m'kati."

A Goodson anawanyamula ngati mazira. Anamanga maswichi m'malo mwake, analumikiza seva iliyonse kuwiri, ndipo pa waya aliyense anamatapo tepi yolembapo kumene wachokera ndi kumene akupita. Zolemba zawo zinali zooneka bwino kuposa za Debora. Mantha anali atayamba kuwachoka, moti ankang'ung'udza nyimbo ya kukwaya.

Anayatsa nkhokwe, kenako maswichi, kenako maseva. Debora anakokera mpando pa kompyuta. Seva ya kusikelo inaiona nkhokwe. Ya maofesi inaiona. Ya kusitolo inaiona. Ya kufakitale inayaka bwinobwino, koma nkhokwe sinaione.

"Mwalowetsa molakwika," anatero Debora. "Zulani mulowetsenso."

A Goodson anazula n'kulowetsanso. Sizinasinthe.

"Sinthani waya. Mwina mwamupinda."

"Sindinapinde, mayi."

"Ndati sinthani."

Anasintha. Anayesa bowo lina la swichi. Anapukuta mitu ya mawaya. Dzuwa, limene silinaoneke n'komwe tsiku limenelo, linali litapendeka kuseri kwa nkhungu. Foni inalira. Anali a Foster, ndipo Debora anawauza kuti zatsala pang'ono. Mawaya akale anali atakulungidwa panja, osadziwika mwini, moti njira yobwerera inalibenso. Mwana anali kumenya m'nthiti mosalekeza. A Lestina anasenda nthochi n'kumupatsa, iye anakankha dzanjalo.

"Ndinadziwa ine," anatero mokweza. "Ndikanalowa ndekha bwenzi titamaliza kalekale. Munthu ntchito yaing'ono ngati imeneyi mpaka kuiwononga?"

Nyimbo ija inali itasiya. A Goodson anatuluka kuseri, mawondo a buluku ali mbuu. Anayang'ana jekete yawo. Debora anaona kuti akangoitola apita, ndipo sadzalowanso m'chipinda chimenecho.

"Bambo, musawamvere," anatero a Lestina. "Ndi njala imeneyo ndi mwana. Inu mayi, ngati manja achita zonse munanena, yang'ananinso kwanuko."

Debora anapuma mozama. Kwake kunali chinthu chimodzi chokha. Swichi imafuna kuuzidwa kuti seva yakutiyakuti ndi yololedwa kulankhula ndi nkhokwe, ndipo dzina la seva iliyonse ndi mzere wautali wa manambala ndi zilembo. Mayinawo anawalowetsa yekha m'maswichiwo m'kati mwa sabata, ali pa changu, n'kuwabwezera m'makatoni.

"A Goodson," anatero motsitsa mawu, "kumbuyo kwa seva ya kufakitale kuli kapepala komata. Mundiwerengereko mokweza, pang'onopang'ono."

A Goodson anazengereza, koma anabwerera. Anawerenga ngati akulengeza nyimbo m'tchalitchi, Debora akutsata ndi chala pagalasi la kompyuta. Chakumapeto iwo anati eyiti. Pagalasi panali B.

Anakonza. Kagetsi kamene kanali kachikasu kanasanduka kobiriwira, ndipo seva ya kufakitale inaiona nkhokwe.

"Pepani, a Goodson. Ndinalakwitsa ndine polemba."

"Ndiye kuti manja angawa analibe mlandu?"

"Analibe."

A Goodson anaseka chapansipansi. Sanatole jekete. Anabwerera kuseri n'kukaima chilili, akuyang'ana mawaya ochepa aja atatsika mwandondomeko. Debora anatola nthochi ija n'kuidya, n'kupemphanso ina.

Lolemba sikelo inagwira ntchito, ndipo palibe mwa otchola tiyi amene anadziwa kuti kunachitika chilichonse. Kumapeto kwa mwezi Debora anayamba tchuthi.

Ankaganiza kuti apuma, koma ayi. Ankadzuka m'mamawa monga mwa masiku onse, kusamba, n'kusowa kopita. Anachapa matewera amene anali ochapa kale. Anasuntha bedi, mawa lake n'kulibwezera pomwe linali. Foni ankayenda nayo paliponse, ngakhale kubafa, koma sinkalira. Tsiku lina anamupempha Dave kuti amuimbire ali pomwepo, aone ngati ikugwira. Inalira bwinobwino.

"Si zimenezi munkafuna?" anafunsa Dave.

"Ndi zimenezi."

"Nanga bwanji mukuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira?"

Nayenso Debora sankadziwa.

Patapita masabata angapo anauza apongozi ake kuti akukawongola miyendo, n'kulunjika ku ofesi. Anawapeza a Goodson atakhala pa mpando wake, kapu ya tiyi ili pambali.

"Zikuyenda?" anafunsa.

"Zikuyenda, mayi. Lachiwiri waya wina wa seva ya kusitolo anafa. Ndinaona kagetsi kasintha, ndinamuchotsa n'kuika wina. A kusitolo sanazindikire n'komwe."

"Osandiimbira?"

"Ndimati ndikuvutitsirenji."

Debora anawayamikira, ndipo ankanena zoona, koma sanafune kukhalitsa mmenemo. Akutuluka, a Foster anamuona pazenera n'kumuitana. Anamupatsa mpando, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"A kulikulu ku Limbe amva zimene munachita," anatero. "Maesiteti athu ena, a kuno ndi a ku Mulanje, kuseri kwa makabati awo kuli momwe kunalili kuno. Akufuna munthu mmodzi woti aziyang'anira onsewo, azikhala ku Limbe. Atchula inu. Mukamaliza tchuthi."

"Nanga pano?"

"Pano a Goodson akukwanitsa. Kunena zoona, mayi, ntchito ya pano munaimaliza nokha."

"Ndikakana?"

A Foster anakanda kumutu. "Sitingakuchotseni. Koma muzidzatani tsiku lonse?"

Anabwerera kunyumba kudzera m'minda, m'kanjira ka pakati pa mizere ya tiyi amene anali atayamba kuphukira. Anali wokwiya kuti amukonzera moyo iye kulibe. Koma miyendo inkayenda mofulumira, ndipo m'mutu anali atayamba kale kuwaona makabati a ku Mulanje aja, kudzifunsa kuti kuseri kwake kukuoneka bwanji. Atafika pa mtengo wa bulugamu wa pamphambano anazindikira kuti akufuna kupita.

Dave anamvetsera nkhaniyo atagwira chibwano.

"Ine sukulu yanga ili kuno," anatero. "Munda uli kuno. Kusamutsidwa kupita m'tauni anthu amadikira zaka."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwawayankha chiyani?"

"Sindinayankhe."

"Koma nkhope yanu yayankha kale."

Anatha masiku akulankhulana zofunika zokhazokha. Dave ankachedwa kusukulu. Debora ankayamba nkhaniyo, n'kuisiya, n'kuiyambanso pa chakudya. Dave ankafunsa funso limodzi lomwelo, lakuti khanda lidzatsala ndi ndani iye akamazungulira m'maesiteti. A Lestina ankangomvetsera akusenda nandolo.

Mwana anabadwa mu Ogasiti, wamkazi, wathanzi, wolira mokweza. Anamutcha Tione. Kwa kanthawi nkhani ya ku Limbe inagona, poti m'nyumbamo munalibe amene ankagona. Koma a kulikulu anaimbanso, ndipo tsiku limenelo Debora ndi Dave anakangana mpaka mwana anadzuka.

A Lestina anamunyamula mwanayo, n'kumuika paphewa.

"Ine ndipita nawo," anatero.

"Kuti, amayi?" anafunsa Dave.

"Ku Limbe. Mwana ndizikhala naye ine. Nthochi zanga amadzagula pa Masambanjati ndi anthu a ku Limbe omwewo, n'kukagulitsa kwawo. Ndiye chondiletsa n'chiyani kukakhala komweko, achemwali ako azinditumizira pa galimoto? Iwe uzibwera Lachisanu. Si kutali ngati ku Joni."

"Mwagwirizana kale anthu inu?"

"Sitinagwirizane. Ndangoona kuti mayiwa akakhala pano atha ndi maganizo, ndipo iwe sudzaupeza mtendere."

Dave anatuluka panja. Anakhalako nthawi yaitali, akuzula udzu m'mbali mwa khonde ndi manja. Atalowa anati akalemba kalata yopempha kusamutsidwa, ngakhale sankayembekezera kuti imveka msanga.

Ananyamuka mu Januwale, mvula ikugwa, minda yonse ili biriwiri ndipo otchola tiyi ali mbwee ndi madengu kumsana. Pa siteji a Lestina analimbana ndi kondakitala mpaka analola kuti mikoko iwiri ya nthochi ilowe pansi pa mpando. Dave anamupsompsona Tione pachipumi, n'kumupereka pazenera, n'kuima pansi pa ambulera osakweza dzanja. Minibasi itayamba kuyenda anaitsatira pang'ono, kenako anaima.

Debora anamuyang'ana mpaka msewu unakhota. Atafika pa Bvumbwe, ogulitsa malonda anathamangira m'mazenera ndi mabeseni awo. A Lestina anatulutsa mutu, anatola nthochi imodzi, anaitembenuza, n'kuibwezera.

"Zothyola zosakhwima izi," a Lestina anamuuza Debora. "Ku Limbe tikawaonetsa nthochi."